Gemu yaulere ija ndi imene ikukupisa m'thumba, mphwanga

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili Fomu 3. Ndimakonda magemu kwambiri. Pa foni ndimasewera Free Fire ndi eFootball, ndipo Loweruka timapita ndi anzanga pa shopu ina kukamenya mpira pa PlayStation. Maganizo anga ndi akuti makampani opanga magemu ndi akuba. Gemu imodzi madola 70! N'chifukwa chake ine ndimakonda zaulere, ngakhale nthawi zina ndimagula ma diamond, ndalama zogulira zinthu m'gemu, ndi ndalama ya chakudya cha kusukulu. Ndikufuna tsiku lina ndidzapange gemu yanga, koma bambo akuti ndikutaya nthawi. Kodi ndikulakwa?

Yankho:

Mphwanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Pali mawu amene wawalemba mongodutsa, ngati osafunika, koma ine ndi amene andikhudza kwambiri: ndalama ya chakudya cha kusukulu. Mkwiyo wako pa makampaniwa uli ndi maziko, ndipo ine amene ndathera zaka zambiri ndikulemba mapulogalamu a kompyuta ndi kuphunzitsa achinyamata kupanga magemu, ndili nawonso. Koma mkondo wako wauponya ku gemu ya madola 70 imene sunagulepo, n'kusiya gemu yaulere imene ikukugonetsa ndi njala masana.

Tiyambe ndi madola 70 amenewo. Kwathu kuno ndi ndalama zambiri zedi, zofanana ndi malipiro a mwezi wathunthu a anthu ochuluka, makamaka chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengowo sanauike poganizira iwe ndi ine. Anauika poyang'ana thumba la munthu wa ku America, ku Ulaya ndi ku Japan. Kumeneko magemu akuluakulu anakhala pa madola 60 kuyambira cha m'ma 2005 mpaka 2020, pamene PlayStation 5 inatuluka ndipo makampani anayamba kutchula 70. Mu 2025 Nintendo inafika pa 80 ndi Mario Kart World. Zaka 15 mtengo osasuntha, chonsecho ndalama zopangira gemu zinkakwera chaka ndi chaka. Mu 2023, pa mlandu wa pakati pa Microsoft ndi bungwe la boma la America loona za malonda la FTC, zikalata za Sony, eni ake a PlayStation, zinaulula kuti kupanga gemu ya The Last of Us Part II kunadya madola pafupifupi 220 miliyoni, ndipo Horizon Forbidden West inadya madola 212 miliyoni, anthu oposa 300 atagwira ntchito zaka zisanu. Ndiyeno gemu ikagulidwa pa sitolo ya pa intaneti ngati Steam, mwini sitolo kawirikawiri amatengapo 30 peresenti. Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Ndikungofuna uone kuti gemu yotere imakuuza mtengo wake uli pakhomo, usanalowe. Ukafuna ulipira, ukakana ubwerera ndalama yako ili m'manja.

Gemu yaulere siikuuza mtengo. Free Fire ndi ya Garena, kampani ya ku Singapore, ndipo inatuluka mu 2017. eFootball ndi ya Konami ya ku Japan, imene mu 2021 inasiya kugulitsa gemu yake ya mpira n'kuyamba kuipereka ulere. Makampani amenewa ali ndi antchito oti alandire malipiro, ndiponso ma seva, makompyuta akuluakulu oyendetsa gemuyo pa intaneti, oti aziyaka usana ndi usiku. Ndalama zake zimachokera kuti? Dziwa kuti pafupifupi theka la ndalama zonse za bizinesi ya magemu padziko lapansi zimachokera pa mafoni, ndipo magemu ambiri a pa foni amakopedwa ulere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yopezera ndalama ndi imene imaumba gemu. Amene akupanga gemu yogulitsa kamodzi amadzifunsa kuti, ndichite chiyani kuti munthuyu asangalale mpaka akauze anzake? Wopanga yaulere amafunsanso zomwezo, koma pamwamba pake ali ndi funso lina: ndichite chiyani kuti abwerenso mawa, ndipo ndi liti pamene adzatulutse ndalama? M'makampani otere muli anthu ophunzira bwino amene ntchito yawo ya tsiku lonse ndi kuyang'ana manambala a osewera, kuona pamene munthu amatopa, pamene amakwiya, pamene amagula, n'kumasintha gemu kuti ogula achuluke. Iwe uli wekha ndi foni yako usiku, iwo ali gulu lathunthu. Ndiye ukagonja n'kugula usadziyese wopusa.

Taona mmene ma diamond amagwirira ntchito. Chovala cha munthu wako wa m'gemu akanachilemba mtengo m'makwacha, ukanaganiza kawiri, chifukwa ukudziwa kuti ndalama imeneyo ndi mandasi angati. Akachilemba m'ma diamond, mutu suwerengeranso. Ndipo nthawi zambiri mulu wa ma diamond umene amagulitsa sufanana ndendende ndi mtengo wa chinthu chimene ukufuna. Pamatsala ochepa, osakwanira kugula kanthu, koma owawa kuwasiya. Otsalawo ndi nyambo ya kugula kwachiwiri. Kenako pali zinthu zimene akuti zikhalapo masiku atatu okha, ndi mphatso za tsiku ndi tsiku zimene zimaduka ukajomba tsiku limodzi. Palinso manyazi: kulowa m'gemu ndi chovala wamba anzako atavala zonyezimira, n'kumakuseka. Chovalacho sichikuthandiza kuwombera bwino, koma mtima wa mnyamata wa zaka 16 amaudziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi mabokosi a mwayi, amene pa Chingerezi amati loot box, ndipo ku Japan amati gacha. Umalipira osadziwa chimene upeze: kuzungulitsa gudumu mu Free Fire, kutsegula paketi ya osewera mpira poyembekeza kuti mutuluka katswiri. Katswiri wa maganizo a anthu ndi nyama wa ku America, B. F. Skinner, anaonetsa kalekale poyesa nkhunda ndi makoswe kuti nyama imalimbikira kwambiri kujompha kabatani ngati chakudya chikutuluka mosadziwika nthawi yake, kusiyana ndi pamene chikutuluka nthawi iliyonse. Kusadziwako ndi kumene kumakola. Makina a juga amayendera mfundo yomweyo, ndipo mabokosi a mwayi anatengera komweko, mpaka kuwala ndi kaphokoso kosangalatsa kamene kamamveka bokosi likamatseguka.

Popeza uli Fomu 3, tiye tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mwayi wopeza chinthu chimene ukuchifunacho ndi umodzi pa 100. Anthu ambiri amaganiza kuti akayesa ka 100 ndiye kuti achipeza basi. Si choncho. Ulendo uliwonse mwayi wolephera ndi 99 pa 100, ndipo bokosi silikumbukira kuti unalephera kale. Ukachulukitsa 0.99 ndi iyo yomwe ka 100, upeza pafupifupi 0.37. Tanthauzo lake n'lakuti pa anyamata 100 amene aliyense walipira ka 100, pafupifupi 37 abwerako chimanjamanja. Ndipo amene walephera ka 60 ndi amene zimamuvuta kwambiri kusiya, chifukwa amaona ngati ndalama zimene wataya kale zamuyandikitsa pa mphoto. Sizinamuyandikitse, pokhapokha gemuyo italonjeza poyera kuti ukafika nambala yakutiyakuti chinthucho upatsidwa. Apple kuyambira kumapeto kwa 2017, ndi Google Play kuyambira 2019, amalamula kuti magemu a m'masitolo awo aziulula manambala a mwayiwa. Kawirikawiri amakhala pa kabatani kakang'ono pakona, kamene palibe amene amakadina. Kadine usanagule chilichonse, uwerenge.

Ndalama zambiri za magemu aulere zimachokera kwa kagulu kochepa ka anthu amene amawononga ndalama zoopsa. M'bizinesiyi amawatcha ma whale, kutanthauza anangumi. Ena mwa iwo ndi olemera amene sizikuwapweteka. Ena ndi anthu amene alephera kudzigwira, ndipo ena ndi ana amene akugwiritsa ntchito khadi ya makolo awo.

Zimenezi sizinayambe lero, ndipo si iwe wekha amene wakwiya nazo. Mu 2006 kampani ya Bethesda inagulitsa chovala cha hatchi mu gemu ya Oblivion pa madola awiri ndi theka. Osewera anadandaula kwambiri, komabe anagula, ndipo makampani anaphunzirapo. Mu 2009 kampani ya EA inayambitsa Ultimate Team mu gemu yake ya mpira ya FIFA, mapaketi a osewera aja, ndipo apa uone kuti ngakhale gemu yogula nayo ikhoza kukhala ndi nyambo m'kati. Japan inaletsa mtundu wina wa gacha mu 2012. China inalamula mu 2017 kuti manambala a mwayi aziululidwa. Chaka chomwecho Star Wars Battlefront II inautsa mapiri pachigwa mpaka EA inachotsa kaye zogulagula za m'gemumo itangotsala pang'ono kutuluka. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi a mwayi olipira ndi juga, ndipo kumayambiriro kwa 2019 EA inasiya kugulitsa FIFA Points, ndalama za m'gemu zogulira mapaketi aja, m'dzikomo. Mu Disembala 2022 Epic Games, eni ake a Fortnite, anavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu ya FTC. Mwa ndalamazo, 245 miliyoni zinali zobwezera anthu amene anagulitsidwa zinthu mwa mabatani osokoneza, ana ali m'gulu lomwelo. Ndiye pamene ukunena kuti pali kuba, pali maboma amene anaona zofanana ndi zimene waonazo.

Pali chinanso chimene achinyamata ambiri sachiganizira. Chovala chimene wagula ndi ndalama ya nkhomaliro si chako. Chimakhala pa seva ya kampani, ndipo tsiku limene adzazimitse seva, kapena kutseka akaunti yako, chapita. Ubisoft inazimitsa ma seva a gemu ya magalimoto ya The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, ndipo ngakhale amene anaigula ndi ndalama zawo sanathenso kuisewera. Mkwiyo wa pamenepo unabala gulu la Stop Killing Games, loyambitsidwa ndi Ross Scott, limene mu 2025 linasonkhanitsa masiginecha oposa miliyoni imodzi opempha European Union kuti iunike nkhaniyi. Chimbale chakale cha PlayStation 2 chikadali kusewereka lero patatha zaka zoposa 20. Za ma diamond ako palibe amene wakulonjeza zimenezo.

Komabe mawu akuti "makampani ndi akuba" ndikufuna uwasefe pang'ono, chifukwa akuphatikiza anthu awiri osiyana. Pali eni ndalama amene amalamula njira zopezera phindu, ndiye pali ojambula, olemba mapulogalamu, oimba ndi oyesa magemu amene amagwira ntchito yeniyeniyo. Achiwiriwa ambiri analowa ntchitoyi ali ndi mtima ngati wakowu, ndipo zinthu zikavuta ndi amene amayamba kupsa. Microsoft inamaliza kugula kampani ya magemu ya Activision Blizzard mu Okutobala 2023 pa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndipo mu Januwale 2024 inachotsa anthu 1,900 ku mbali yake ya magemu. Mu Meyi chaka chomwecho inalengeza kutseka Tango Gameworks ya ku Japan, imene inali itangopanga Hi-Fi Rush, gemu yotamandidwa ndi kulandira mphoto. Mwamwayi kampani ya Krafton inadzaitola. Mu 2023 anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'bizinesi yonseyi, ndipo 2024 inaposa pamenepo. Popeza ukufuna kudzalowa m'menemo, ndi bwino udziwiretu kuti si ntchito yokhazikika.

Tsopano za bambo ako. Sindikuuza kuti akulakwa, chifukwa mwina akuona zimene iwe sukuziona: mwana akudzuka maso ofiira, mwana akubwera kusukulu ndi njala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la kukoledwa ndi magemu m'ndandanda wake wa matenda, umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Koma silinanene kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu akulephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yosiya, magemu akukankhira pambali zinthu zina zofunika pa moyo, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Kawirikawiri zimenezi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 kuti dokotala anene kuti ndi vutoli, ndipo ndi osewera ochepa okha amene amafika pamenepo. Ine sindingakupime kudzera m'kalata. Koma kusinthanitsa chakudya ndi ma diamond ndi belu, ndipo ndikupempha ulimve. Tenga kope, ulembe ndalama iliyonse imene waika m'gemu miyezi itatu yapitayi, kuphatikizapo bandulo, m'makwacha. Ukaona chiwerengerocho udziwa wekha chochita. Ngati uyesa kusiya kugula kwa mwezi umodzi n'kulephera, uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira, usabise.

Za Loweruka pa shopu zija sindikuona cholakwika, bola sipakhala kubetcherana ndalama. Mumalipira mtengo wodziwika, mumakhala pamodzi maso ndi maso, wogonja amapereka padi kwa mnzake, nthawi ikatha mumabalalika. Pa magemu onse amene watchula, amenewo ndi amene akukuchitira chilungamo.

Nanga kupanga gemu yako? N'zotheka, ndipo mu Africa muno alipo akuchita. Ku Ghana ndi ku Kenya kuli Leti Arts, imene Eyram Tawia ndi Wesley Kirinya anayambitsa mu 2009. Ku Cameroon, Kiro'o Games ya Olivier Madiba inatulutsa Aurion mu 2016. Ku Cape Town, Free Lives inapanga Broforce imene inagulidwa padziko lonse, ndipo ku Johannesburg, Nyamakop inatulutsa Semblance mu 2018. Ku Lagos kuli Maliyo Games. Kunja kwa Africa, Eric Barone anapanga Stardew Valley yekhayekha, zojambula, nyimbo ndi pulogalamu, kwa zaka zoposa zinayi, n'kuitulutsa mu 2016, ndipo yagulidwa kopitirira 30 miliyoni. Koma usatengeke ndi nkhani imodzi yokomayo. Pa Steam pokha pamatuluka magemu atsopano oposa 10,000 chaka chilichonse, ndipo ambiri sabweza ngakhale ndalama zimene eni ake anawononga. Ubwino wake ndi wakuti luso limene ungaphunzire popanga gemu, kulemba mapulogalamu, kujambula pa kompyuta, kukonza mawu, limadyetsa munthu ku ntchito zina zambiri ngakhale gemuyo itapanda kugulidwa.

Chimene ndimawauza ophunzira anga tsiku loyamba ndi chakuti kusewera ndi kupanga ndi ntchito ziwiri, monga kudya nsima kumasiyanira ndi kulima chimanga. Ndaonapo anyamata odziwa kusewera koopsa akuthawa sabata yachiwiri, atazindikira kuti kupanga gemu ndi kukhala maola atatu ukufufuza chifukwa chimene kamunthu kako kakubowolera khoma m'malo moima. Amene amatsala ndi amene vuto loterolo limawakomera. Sungadziwe kuti uli mbali iti usanayese, ndipo kuyesako sikulira madola. Pulogalamu ya Scratch, yopangidwa ku yunivesite ya MIT ku America, ndi yaulere ndipo imaphunzitsa maziko polumikiza timabuloko. Godot, pulogalamu yopangira magemu, ndi yaulere kotheratu, siitenga gawo pa zimene wagulitsa, siilemera, imayenda pa laputopu yakale, ndipo ilinso ndi mtundu woyenda pa foni ya Android. Blender ndi ya zojambula, nayonso yaulere. Ulere wa zimenezi ndi wosiyana ndi wa Free Fire: zimasamalidwa ndi anthu ndi mabungwe opereka mwa kufuna kwawo, ndipo mulibe gudumu lozungulitsa. Januwale aliyense kumakhalanso Global Game Jam, pamene anthu m'mayiko ambiri amapanga timagemu m'maola 48 okha, ndipo pa tsamba la pa intaneti la itch.io ukhoza kuika gemu yako anthu n'kuisewera popanda kulipira kanthu.

Masamu amene ukuphunzira panopa ndi amene ali pansi pa zonsezi. Mpira wa mu eFootball ukamakhota m'mwamba, ndi ma vector ndi trigonometry. Gudumu la Free Fire ndi probability, monga tawerengera muja. Chingerezi nacho ndi chofunika chifukwa malangizo ambiri a zipangizozi analembedwa m'chinenero chimenecho. Choncho MSCE si mdani wa loto lako, ndipo iyi ndi mfundo imene bambo ako angaimve mukakhala pansi. Usapite kwa iwo ndi mkangano. Pita ndi pangano: maola a sukulu akhale a sukulu, ndalama ya chakudya ikhale ya chakudya, ndipo pa nthawi imene umasewera, theka ulipereke ku kupanga.

Usayambe ndi gemu yonga Free Fire. Imeneyo ndi ntchito ya anthu mazana. Yamba ndi kampira kodunda pakati pa timitengo tiwiri. Pong, gemu ya kampira yotereyi imene kampani ya Atari inatulutsa mu 1972, inayamba ngati ntchito yoyeserera imene Nolan Bushnell anapatsa injiniya watsopano, Allan Alcorn, kuti aphunzirirepo. Ukaimaliza imeneyo, ndi zigoli zake ndi kaphokoso kake, yesa bawo. Mizere inayi, mabowo 32, njere 64, ndipo malamulo ake ukuwadziwa kale kapena ali ndi akuluakulu a pansi pa mtengo kwanuko. Kuphunzitsa kompyuta kuyendetsa njere bowo ndi bowo, kudziwa pamene yadya za mnzake ndi pamene dzanja lagona, kudzakutengera masabata ambiri, ndipo udzakakamira kangapo. Ikadzayamba kuyenda, upatse bambo ako foniyo kuti asewere. Iwe ukhale pambali osalankhula, osawalozera podina, kope lili m'manja, uzilemba paliponse pamene chala chawo chazengereza. Malo amenewo ndi amene ukayambe kukonza mawa lake.